Mlakatuli amafuna mkonzi, koma mkonzi wake wotani?

Ndalama ya pepala ya madola 10 ya ku Australia ili ndi nkhope za alakatuli awiri: mbali ina kuli Banjo Paterson, mbali inayo kuli Mary Gilmore. Pa ya madola 50 pali David Unaipon, mmodzi mwa eni nthaka a dzikolo, wa mtundu wa Ngarrindjeri, amene anali mlaliki, katswiri wa zipangizo komanso mlembi. Onse atatu ankalemba m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, koma zolemba zawo sizinayende njira imodzi. Paterson ndi Gilmore anatchuka akadali moyo chifukwa magazini ndi manyuzipepala ankawasindikiza kawirikawiri. Unaipon analemba buku lathunthu, koma linatuluka mu 1930 pachikuto pali dzina la munthu wina.

Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya magazini a nthawi imeneyo chifukwa cha funso limene timakangana nalo kawirikawiri ife olemba ndakatulo pasukulu pano: kodi mlembi wongoyamba kumene amafunikadi mkonzi? Anzanga ambiri amati ayi. Foni uli nayo, bandulo wagula, ndakatulo waiponya pa Facebook, nkhani yatha. Ine ndimati mkonzi ndi wofunika, ndipo zimene zinachitika ku Australia ndi zimene zimandilimbitsa maganizo. Koma mbiri yomweyo imaonetsanso kuti mkonzi ali ndi mphamvu yoopsa, moti munthu sangangomutamanda osatchula amene anawatsekera kunja.

Tiyambe ndi chifukwa chimene magazini anali ofunika chonchi. Pa 1 Januwale 1901, madera 6 amene ankalamulidwa ndi Britain anaphatikizana kukhala dziko limodzi la Australia. Anthu amene anawerengedwa m'kalembera wa chaka chimenecho sanakwane 4 miliyoni, m'dziko lalikulu chonchija. Msika wa mabuku unali waung'ono, ndipo alembi ambiri ofuna kutulutsa buku ankatumiza zolemba zawo ku Britain. Buku la Miles Franklin lotchedwa My Brilliant Career linasindikizidwa ku Edinburgh mu 1901, mwini wake ali ndi zaka 21 zokha. La Barbara Baynton, Bush Studies, linatulukira ku London mu 1902. Munthu wokhala kutali ndi tauni, wopanda omudziwa m'makampani osindikiza, analibe poyambira. Chimene chinkamufika pakhomo kudzera pa positi chinali magazini.

Wamkulu pa onse anali The Bulletin, amene ankatuluka mlungu uliwonse ku Sydney kuyambira pa 31 Januwale 1880. Anamuyambitsa ndi J. F. Archibald ndi John Haynes. Ometa nkhosa, abusa a ng'ombe ndi anthu a m'migodi ankapatsirana magaziniyu mpaka mapepala kuthetheka, ndipo anthu anafika pomutcha Baibulo la anthu a kutchire. Nzeru ya Archibald inali yosavuta kumva: owerenga omwewo ndiwo akhale alembi. Aliyense ankatha kutumiza ndakatulo, kankhani kapena ndime imodzi yokha yofotokoza zimene waona, ndipo zikasindikizidwa ankalipidwa. Archibald ankadana ndi mawu ochuluka, choncho ankadula popanda chisoni. Munalinso gawo loyankha makalata, momwe alembi okanidwa ankaona yankho lawo m'mizere yochepa, nthawi zina yoluma kwambiri, pamaso pa dziko lonse. Umu ndi mmene ndakatulo ya Paterson yotchedwa The Man from Snowy River inatulukira mu 1890, ndi nkhani ya Henry Lawson yotchedwa The Drover's Wife mu 1892. Pofika 1900, wachinyamata wofuna kulemba ku Australia ankadziwa kumene angatumize kalata yake.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri ndi A. G. Stephens. Kuyambira 1896 mpaka 1906 ankayang'anira tsamba la zolembalemba lotchedwa Red Page, dzina lochokera ku chikuto chofiira cha magaziniyo. Patsambali ankaunika mabuku a m'dzikomo ndi a kunja pa mulingo umodzi, ndipo ankalemberana makalata ndi alembi amene sanawaonepo. Mu 1897 ku ofesi yawo kunafika mtokoma wa masamba oposa 1,000 olembedwa pamanja, kuchokera kwa Joseph Furphy. Bamboyu anali woyendetsa ngolo za ng'ombe mpaka chilala chitamugwetsa, kenako n'kukagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya mchimwene wake ku Shepparton. Stephens anawerenga, anaona kuti muli chinthu, koma bukulo linali lalitali moti silikanagulika. Panapita zaka 6 za makalata ndi kudula, mpaka Such Is Life inatuluka mu 1903 m'dzina lobisalira la Tom Collins. Bukulo silinayende malonda Furphy ali moyo. Lero lili m'gulu la mabuku olemekezeka kwambiri a ku Australia, ndipo zigawo zimene zinachotsedwa zinadzakhala mabuku ena awiri paokha.

Nkhani yondigwira mtima kuposa imeneyi ndi ya John Shaw Neilson. Anabadwira ku Penola, m'chigawo cha South Australia, mu 1872, ndipo sukulu anangoyenda zaka zosakwana zitatu. Moyo wake wonse unali wa maganyu: kuswa mphanje, kuthyola zipatso m'minda ya eni, kuphwanya miyala, kulambula misewu. Maso ake anayamba kufooka akadali ndi mphamvu, moti kwa zaka zambiri sankatha kuwerenga bwinobwino. Ndakatulo ankazipeka m'mutu ali pantchito, n'kudzauza wachibale kapena mnzake wa paganyu kuti amulembere papepala. Chodabwitsa n'chakuti sankalemba za akavalo ndi ngwazi za kutchire monga ankayembekezera owerenga a Bulletin. Ndakatulo zake ndi zofewa, zokamba za kuwala, mitundu ya maluwa, mbalame za m'madambo, ana ndi imfa.

Munthu wotere akanatha kumwalira zolemba zake zili m'thumba la jekete. Stephens ndiye anamugwira dzanja. Atachoka ku Bulletin mu 1906, anapitiriza kumusindikiza m'magazini ake aang'ono otchedwa The Bookfellow, amene ankati kutuluka, kuima, n'kudzatulukanso malinga ndi mmene thumba lilili. Ankamubwezera ndakatulo kuti akonze, ankamuikira zizindikiro za m'kalembedwe, ndipo pena ankasintha ngakhale mawu. Buku loyamba la Neilson, Heart of Spring, linatuluka mu 1919 iye ali ndi zaka 47. Ntchito yokhazikika anadzaipeza mu 1928, ya utumiki mu ofesi ya boma yoona za misewu ku Melbourne.

Ndikaganiza za anthu awiriwa, chimene ndimasirira si kutchuka kwawo. Ndimasirira kuti panali munthu amene ankawerenga zolemba zawo kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, n'kuyankha. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndakatulo yathu ikalandira timitima 200 pa intaneti, sitidziwa kuti ndi angati anafika ndime yachitatu, ndipo palibe amene angatiuze kuti mzere wachinayi ndi wofooka, chifukwa onse ndi anzathu ndipo mawa tikumana nawo ku kafiteriya. Mlembi amene sanauzidwepo kuti apa wanama, apa wabwereza, apa wangokometsa mawu, amakalamba akulemba ndakatulo yake yoyamba yomwe ija.

Komabe mkasi wa mkonzi umadula ndi zabwino zomwe. Mu Disembala 1896, Bulletin inasindikiza nkhani ya Barbara Baynton pa mutu wakuti The Tramp. Ndi nkhani ya mayi amene watsala yekha ndi khanda m'nyumba ya kutchire, mwamuna wake atapita kukameta nkhosa, ndipo munthu wongoyendayenda akumuzembera usiku. Mmene Baynton anailembera, munali chigawo china: mayiyo akuthawa atavala zoyera, mwana ali m'manja, akuona munthu pa kavalo n'kumufuulira kuti amuthandize. Munthuyo, poganiza kuti waona masomphenya a Maria Virigo, akungodutsa osaima, ndipo mayiyo akuphedwa. Chigawo chimenechi sichinatuluke m'magazinimo. Chinadzaoneka mu 1902, m'buku lake lija la ku London, nkhaniyo itatchedwa The Chosen Vessel. Popanda chigawocho, ndi nkhani yoopsa ya chigawenga chimodzi. Chikakhalapo, mlandu ukugwera amuna onse a m'nkhaniyo, kuphatikizapo wopemphera amene anatha kuona mkazi woyera wa kumwamba koma osaona mkazi weniweni wofuna thandizo. Bulletin inkakonda kutamanda ubale wa amuna a kutchire, ndipo Baynton ankaonetsa mmene tchire lomwelo linkaonekera kwa mkazi. Apa ndimaona kuti mkonzi sadula kutalika kokha. Amadulanso zimene sizikugwirizana ndi chithunzi cha dziko chimene ali nacho m'mutu.

Chithunzi chimenecho sichinali chobisika. Kuyambira 1908, pafupi ndi dzina la magaziniyo pankalembedwa mawu onena kuti Australia ndi wa mzungu, ndipo anakhalapo mpaka mkonzi Donald Horne atawachotsa mu 1961. Zojambula zake zoseketsa zinkanyoza Matchaina, Ayuda ndi anthu akuda mosabisa. Izi zinkayendera limodzi ndi malamulo a dziko. Limodzi mwa malamulo oyambirira a nyumba ya malamulo yatsopano, la mu 1901, linkalola wa zolowa ndi zotuluka kuyesa mlendo pomulembetsa mawu 50 m'chinenero chilichonse cha ku Ulaya chimene iye wasankha, n'cholinga choti wosafunidwa alephere. Malamulo aakulu a dzikolo ankanenanso kuti eni nthaka asawerengedwe powerenga anthu a dziko, ndipo ndimeyi inachotsedwa mu 1967. Mu Bulletin munali gawo lotchuka lotchedwa Aboriginalities, koma munkadzaza tinkhani ta azungu tokamba za nyama, mitengo ndi zodabwitsa za kutchire. Dzina la eni nthaka linali pamutu, eni akewo ankangotchulidwa ndi ena.

Apa ndi pamene ndimabwerera kwa David Unaipon. Anabadwa chaka chimodzi ndi Neilson, 1872, m'chigawo chomwecho cha South Australia, pa mishoni ya Point McLeay. Anali munthu wowerenga kwambiri. Mu 1909 analembetsa kuboma luso lake la makina ometera nkhosa, ntchito yomwe ija ya owerenga okhulupirika a Bulletin, ngakhale iye sanapindule nalo kwenikweni. M'zaka za 1924 ndi 1925 anayendayenda kusonkhanitsa nthano za anthu a mtundu wake ndi mitundu ina, n'kuzilemba m'Chingelezi. Zina zinatuluka m'nyuzipepala ya Daily Telegraph ya ku Sydney. Kampani ya Angus & Robertson inagula zolembazo kwa iye, kenako n'kuzigulitsa kwa dokotala wa ku Adelaide, William Ramsay Smith, amene anazitulutsa mu 1930 pa mutu wakuti Myths and Legends of the Australian Aboriginals, osanena kuti mlembi wake ndi Unaipon. Bukulo linadzatuluka m'dzina la mwini wake mu 2001, patapita zaka 34 chimwalirire.

Si Bulletin imene inamulanda bukulo, ndipo sindikufuna kuisenzetsa mlandu wa ena. Chimene ndikuona ndi kusiyana kwa anthu awiri obadwa chaka chimodzi m'dera limodzi. Waganyu wosaona bwino anapeza mkonzi womutsatira kwa zaka zambiri, womenyera kuti dzina lake likhale pa buku lake. Unaipon sanapeze Stephens wake. Magazini amene ankadzitama kuti khomo lake ndi lotsegukira munthu wamba anali atalemba kale pamwamba pa khomolo kuti munthu wamba wake ndi wa khungu liti. Buku loyamba la ndakatulo la mayi wa mwa eni nthaka, We Are Going la Kath Walker, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Oodgeroo Noonuccal, linadikira mpaka 1964.

Mlandu wina unali wa owerenga. Mu 1928 Bulletin inachititsa mpikisano wa mabuku a nkhani zopeka, ndipo limodzi mwa awiri amene anapambana linali Coonardoo la Katharine Susannah Prichard, lokamba za chikondi cha pakati pa mzungu woweta ng'ombe ndi mayi wa mwa eni nthaka. Magaziniyo itayamba kulisindikiza chigawochigawo, makalata okwiya anasefukira. Owerenga amene analeredwa ndi mawu aja a pamutu kwa zaka 20 sanafune kuona mkazi wakuda akulembedwa ngati munthu wokondedwa. Mkonzi amaumba owerenga ake, kenako owerengawo amamumanga manja.

Wina anganene kuti ndadzigwetsa ndekha. Ngati akonzi ankadula akazi ndi kutsekera kunja eni nthaka, si bwino kodi kuti lero aliyense amadzisindikiza yekha? Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo sindikufuna kubwerera ku nthawi imene munthu mmodzi ku Sydney ankagamula kuti mlakatuli ndani. Koma tisadzinamize kuti pa intaneti palibe wosankha. Pali makina amene amaona kuti ndani akuonekera kwa ndani, ndipo amakondera zimene zakopa kale anthu ambiri. Stephens anali ndi dzina ndi adiresi, moti Furphy ankatha kukangana naye m'makalata, ndipo ife lero tikutha kuika nkhani ya Baynton ya 1896 pambali pa ya 1902 n'kuloza chimene chinachotsedwa. Makina sungawalembere kalata. Ndipo ndikukayika ngati ndakatulo zachete za Neilson zikanapeza timitima tokwanira kuti zionekere kwa aliyense.

Anthu a nthawi imeneyo amene sanakhutire ndi Bulletin anachita chinthu china: anatsegula makomo awo. Louisa Lawson, mayi ake a Henry Lawson, anayendetsa magazini a amayi otchedwa The Dawn kuyambira 1888 mpaka 1905, ndipo analemba ntchito akazi ngakhale pa makina osindikizira, bungwe la amuna osindikiza likuyesetsa kumulepheretsa. Mary Gilmore anakonza tsamba la amayi m'nyuzipepala ya apantchito ya The Worker kuyambira 1908 mpaka 1931, zaka 23 akuyankha makalata a akazi a m'midzi ndi m'mafakitale. Mu 1923, Jack Lindsay ndi Kenneth Slessor, anyamata a zaka 22 kapena 23, pamodzi ndi Frank Johnson, anayambitsa Vision chifukwa chotopa ndi ndakatulo za kutchire. Anangotulutsa kanayi, n'kutseka mu 1924. Zambiri za mmenemo zinali zotengera milungu ndi nthano zakale za ku Ulaya, ndipo lero sizikoma kuwerenga. Komabe Slessor anakulira mmenemo, n'kudzakhala mmodzi mwa alakatuli akuluakulu a dzikolo. Magazini otuluka kanayi kokha anakwanitsa kulera mlakatuli.

Anyamata a Vision anali a msinkhu wathu, ndipo ankafunika ndalama za mapepala, inki ndi positi. Ife tili ndi makompyuta m'laibulale ndi mafoni m'matumba. Chimene chikusowa ndi anthu atatu kapena anayi ovomera kugwira ntchito yosatchuka: kulandira zolemba za anthu osawadziwa, kuziwerenga zonse, kusankha zochepa, ndi kuyankha okanidwa powauza chifukwa chake. Ambiri a ife timafuna kukhala alakatuli, ndipo ofuna kukhala akonzi ndi owerengeka. Koma pa mayina onse ndatchula m'nkhaniyi, amene anasintha miyoyo ya alembi ambiri ndi Archibald, Stephens, Louisa Lawson ndi Gilmore, ndipo anatero atakhala pa tebulo lodzaza ndi makalata a anthu ena.

Amene angayambe ntchito yotere atengepo zinthu ziwiri pa mbiri imeneyi. Choyamba, ukadula chinthu m'zolemba za mnzako, umuuze, ndipo udzifunse ngati wadula chifukwa n'chofooka kapena chifukwa chakukhudza pachilonda. Chachiwiri, pakatha chaka uwerenge mayina a onse amene wawasindikiza. Ngati onse ndi a m'kalasi mwako, amuna okhaokha, olemba m'chinenero chimodzi, ochokera m'tauni, ndiye kuti pamwamba pa khomo lako palembedwa kale mawu ena ake, ngakhale iwe sunawalembe ndi inki. Akonzi a Bulletin ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akulankhulira dziko lonse la Australia. Pa nthawi yomweyo Unaipon anali m'chigawo choyandikana nacho, akulemba.